Batani la Kumanzere

Pa nthambi yosindikiza mabuku ya bungwe lina lophunzitsa anthu ntchito panali mkonzi amene dzina lake lenileni linkadziwika ku ofesi yolemba antchito kokha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka a Mkulu a bungwelo, ankangoti Mayi Tiyese. Dzinalo linabwera chifukwa cha mawu awiri. Munthu akawaikira mulu wa mapepala patebulo n'kunena kuti, "Mungoona mipumiro ndi mipatuliro, zina zonse zili bwino," iwo ankatsitsa magalasi pamphuno n'kuyankha kuti, "Tiyese kaye."

Kuyesako kunali kwenikweni. Buku likati tengani chakuti muchite chakuti, Mayi Tiyese ankatenga chakuticho n'kuchita. Pamene ankakonza kabuku ka chithandizo choyamba, amuna awo anaswera Loweruka lonse atakulungidwa mabandeji kuchokera kumutu mpaka m'chiuno, ndipo anthu oyandikana nawo anabwera kudzazonda matenda. Pa kabuku kokonza mipope, madzi anafika m'akakolo m'khitchini, ndipo m'pamene zinadziwika kuti wolemba anaiwala kunena kuti muyambe mwatseka mpope waukulu wa panja. Za kabuku ka ulimi wa njuchi sitinena zambiri. Nkhope ya amuna awo inabwerera mwakale, ngakhale kuti inatenga nthawi.

Chifukwa cha khalidwe limeneli, palibe buku lokhala ndi siginecha yawo limene linabwezedwapo ndi madandaulo. Tsoka lake n'lakuti bungwe linalibe pepala lolembapo madandaulo amene sanabwere. Linali ndi tchati chokha cha pakhoma choonetsa kuchuluka kwa mabuku amene mkonzi aliyense watulutsa, ndipo pa tchaticho mzere wa Mayi Tiyese unkaoneka ngati chitsa pafupi ndi mtengo. Mtengowo unali wa mkonzi mnzawo, bambo wansangala amene ankatchedwa a Pompopompo chifukwa buku likafika m'mawa, pomwa tiyi amakhala atasaina kale.

Chaka chimenecho kunabwera alangizi. Anayenda m'makonde, anamwa tiyi, anajambula mabokosi ndi mivi pabolodi, kenako anapeza kuti nthambiyo ili ndi akonzi awiri pamene ikuyenera kukhala ndi mmodzi. A Mkulu analengeza zimenezi pa msonkhano ndi nkhope ya pamaliro, n'kuwonjezera kuti buku lotsatira ndi limene lidzaonetse "amene akuyenda ndi nthawi." Linayenera kupita kosindikiza mwezi usanathe, kuti lidzakhalepo pa mwambo wotsegulira maphunziro atsopano. Ndiye analiika patebulo la Mayi Tiyese, mwina mwangozi, mwina ayi.

Ntchito ikanatha, nyumba nayo ikanatha, poti inali ya bungwe. M'nyumba imeneyo ndi mmene analeleramo ana awo onse, ndipo pa felemu ya chitseko cha kuchipinda panali mizere ya pensulo yoonetsa mmene aliyense ankakulira. Amuna awo, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, anali atabzala mitengo ya zipatso kuseri, ndipo inali itangoyamba kubereka.

Bukulo linali lophunzitsa kupanga pulogalamu ya pakompyuta, ya kawindo kokhala ndi mabatani ndi malo olembamo. Chonyadira chake chinali pachikuto penipeni: mulemba kamodzi, igwira ntchito pa makompyuta a mitundu yonse itatu. Wolemba wake anali mphunzitsi wachinyamata amene anali atapita kunja kukawonjezera maphunziro. Ukamutumizira funso lililonse pafoni, lalitali kapena lalifupi, ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba.

Mayi Tiyese anali asanalembepo pulogalamu chibadwire. Koma njuchinso anali asanawetepo. Anatenga mapepalawo n'kutsika masitepe kupita ku kachipinda ka pansi, kwa katswiri wa makompyuta, amene anthu ankamutcha Wamakiyi chifukwa mapasiwedi onse a m'bungwemo anali m'mutu mwake.

"Achimwene, ndikufuna muike zipangizo izi pa kompyuta yanga," anatero, akuloza tsamba loyamba.

Wamakiyi anaseka mpaka kutsamira mpando. "Amayi, lamulo likuti pa kompyuta ya wantchito sipaikidwa kanthu kopanda chilolezo cha komiti."

"Komitiyo ikumana liti?"

"Inathetsedwa. Alangizi aja anati ndi yosafunika."

"Nanga lamulolo?"

"Lamulolo lilipo. Ilo sanalione."

Koma Wamakiyi anali munthu wachifundo, komanso wosowa wocheza naye. M'kachipinda kakemo munali makompyuta amene m'mabuku a bungwe anafa kale, ndipo chakufa lamulo silichikhudza. Anawadzutsira awiri: imodzi ya mtundu wamba, wa m'maofesi monse, ina ya mtundu umene iye ankaukonda, wokhala ndi chizindikiro cha kambalame konenepa. Anawakokera mpando pakati pa mawaya ndi makatoni, n'kuwauza kuti asamale mutu potuluka.

Mmenemo ndi mmene Mayi Tiyese anathera masiku ambiri a mweziwo. Ankakopera mizere ya m'bukumo chilembo ndi chilembo, ndi zala ziwiri, lilime lili pakona ya mlomo. Kompyuta inkawayankha ndi mawu ofiira ambirimbiri, ngati mphunzitsi wolusa. Ankabwerera, n'kupeza pamene alakwitsa iwo, kapena pamene walakwitsa wolemba, n'kulemba m'mphepete mwa tsamba ndi pensulo. Mutu ndi mutu ankamanga kapulogalamu kamene bukulo linkaphunzitsa: kawindo kolembamo zinthu zoti usaiwale. Ukalemba n'kufuna kukatseka, kankafunsa ngati ukufuna kusunga zimene walembazo, n'kukupatsa mabatani awiri, lina lolembedwa Sungani, lina Tayani.

Tsiku limene kawindoko kanatulukira koyamba pa sikirini, kotuwa, kopanda kanthu, Mayi Tiyese anakayang'ana mmene anayang'anira mwana wawo woyamba. Analembamo kuti "moni." Anakatseka. Bukulo linati, "Tsopano dinani batani la kumanzere kuti musunge zimene mwalemba." Anadina la kumanzere, la Sungani, ndipo atatsegulanso, "moni" uja anali pomwepo akuwadikira. Anasamukira pa ya kambalame, n'kuyambiranso, ndipo nayonso inavomera.

"Zatheka, amayi! Kasaineni," anatero Wamakiyi.

"Pachikuto alemba kuti mitundu itatu."

"Iwiri yavomera. Wachitatu ukana bwanji?"

"Mwauyesa?"

Wamakiyi anakanda m'mutu. Kompyuta ya mtundu wachitatu, yoyera, yopyapyala, ya chizindikiro cha chipatso kumsana, inalipo imodzi yokha m'bungwe monse. Inabwera ngati mphatso yochokera kwa abwenzi akunja, ndipo inkakhala pa desiki ya a Mkulu, itafunditsidwa kansalu kopeta. Kansaluko kankachotsedwa kukabwera alendo, n'kubwezeretsedwa alendo akapita. Kuyatsidwa ayi, inali isanayatsidwepo.

Mayi Tiyese anakwera masitepe kukaonana ndi a Sekilitale, mayi amene anakhala pakhomo la a Mkulu anayi otsatizana ndipo onse anawaona akupita.

"Ndimapempha nawo kompyuta ya abwana, kwa kanthawi kochepa."

"Kuti mupite nayo kuti, asisi? Inalembedwa ngati katundu wa mu ofesi muno. Situluka."

"Ndiye ndidzagwiritse ntchito momwemo."

"Mutakhala pa mpando uti? Pa desiki paja pali mpando umodzi. Mukufuna ndilembe kuti mkonzi anakhala pa mpando wa a Mkulu? M'mwezi ngati uno?"

"Nanga atabwera Wamakiyi m'malo mwanga?"

"Wamakiyi amaitanidwa chinthu chikawonongeka."

"Ndiye tinene kuti yawonongeka."

A Sekilitale anawayang'ana mwachisoni. "Iwonongeka bwanji isanayatsidwe?"

Mayi Tiyese anatsika masitepe aja. Pakhonde anakumana ndi a Pompopompo atanyamula kapu ya tiyi, akumwetulira ndi mtima wonse, poti munthuyo analibe nkhanza, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri.

"Mayi anga, mwaonda ndi bukuli! Bweretsani ndikusainireni, mupume. Ine dzanja silinditopa."

"Zikomo bambo, ndatsala pang'ono."

"Pang'ono panu paja timapadziwa," anatero akuseka, n'kupitiriza ulendo.

Mayi Tiyese anatumiza uthenga kwa wolemba uja: kodi munayesapo pa mtundu wachitatu? Yankho linabwera msanga. Chala chachikulu choloza kumwamba.

Madzulo atafika kunyumba anapeza makatoni opanda kanthu atasanjidwa kuseri kwa chitseko. Amuna awo anali pakhonde akusenda lalanje, akuyang'ana kumbali.

"Bambo, makatoni awa ndi a chiyani?"

"Awo? Wagolosale amataya. Ndinati ndi abwinobwino, angawonongeke ndi mvula."

"Mwayamba kale kulongedza."

"Sindinalongedze kanthu. Ndangosunga makatoni. Munthu saloledwa kukonda makatoni?" Anawapatsa theka la lalanje. "Koma mayi, tandiuzani. Mukasaina, ndani adzadziwe? Ine ndinavala mabandeji tsiku lonse, sindinadandaule. Njuchi zinandiluma ine wosalakwa. Pano ndikupempha kamodzi kokha: tsekani maso, lembani dzina lanu."

"Dzanja limakana, bambo. Ndayesa. Ndimagwira cholembera, n'kumaona munthu ali kutali uko, watsegula buku, wachita zonse zimene tamuuza, ndiye zakanika. Iye sadzati buku lalakwa. Adzati ndine mbuli."

"Munthu ameneyo mukumudziwa?"

"Ayi."

"Ine mukundidziwa. Ndimakhala muno." Anatola makoko a lalanje n'kuimirira. "Mitengo ija sinyamulika, mayi. Ndayeza kale."

Masiku otsalawo ankatha ngati sopo. Pa basi Mayi Tiyese ankawerenga zikwangwani za nyumba za lendi, zimene kale sankaziona n'komwe. Pakhonde la ku ntchito anthu anayamba kuwapatsa moni waulemu wopitirira, wonga umene timapatsa wodwala. Kawiri anatsegula tsamba losainapo, kawiri anatseka.

Nzeru inawabwerera akuyang'ana tsamba lachiwiri la buku lakale. Buku lililonse la bungwelo linkayamba ndi chithunzi cha a Mkulu atagwira cholembera pamwamba pa pepala, akuyang'ana kutsogolo kwa dziko. Anakweranso masitepe.

"Asisi, ndabwera ndi nkhani ina. Buku la makompyuta, chithunzi cha abwana n'kukhala cha cholembera, alendo sadzati bungwe ndi lachikale? Ndimaganiza kuti akanajambulidwa ali pa kompyuta yawo, akugwiritsa ntchito pulogalamu ya m'bukumo."

Pakona ya mlomo wa a Sekilitale panagwedera pang'ono. "Mawa m'mawa. Ndiwauza avale tayi yofiira."

M'mawa mwake kansalu kopeta kanachotsedwa. Wamakiyi anafufuza poyatsira mbali zonse mpaka anapapeza kumsana, ndipo kompyutayo inalira kamodzi, mokoma, ngati yakhala ikudikira. Kuika zipangizo kunatenga nthawi, moti a Mkulu anakonza tayi kangapo ndipo wojambula zithunzi anayamba kuyasamula. Mayi Tiyese anaima pambali, mapepala ali pachifuwa. Wamakiyi anakopera mizere yawo ija, n'kudina.

Kawindo kanatuluka. Makona ake anali ozungulira, timadontho totsekera tinali mbali ina, koma kanali komweko, kawo kaja. Mitundu itatu. Mayi Tiyese anayamba kale kuganiza zouza amuna awo kuti abweze makatoni kwa wagolosale.

"Bwana, magalasi akuwala pa chithunzi," anatero wojambula. A Mkulu anavula magalasi n'kuwaika m'thumba. "Tsopano muzikhala ngati mukulemba."

"Ine sindichita zinthu mongoyerekeza," anatero a Mkulu. "Ndilemba zenizeni."

Ndipo analembadi. Anayamba ndi chala chimodzi, akutchula mokweza: mawu awo otsegulira mwambo uja, amene anali atawavutitsa kwa milungu. Mwina chinali chifukwa cha tayi yofiira, mwina kuwala kwa kamera, koma mzimu unawatsikira. Alendo olemekezeka anatchulidwa mwa ndondomeko yake, popanda wodumphidwa. Achinyamata anasanduka mizati. Luso lamakono linasanduka mlatho, kenako nyali, kenako mlatho wokhala ndi nyali. Wojambula anamaliza ntchito yake kalekale, koma palibe analimba mtima kuwadula. Atafika pa "Ndathokoza," anatsamira mpando, maso ali ngwee.

"Zoterezi sizibwera kawiri," anatero. "Mayi, tsopano ndisunga bwanji? Werengani buku."

Mayi Tiyese anawerenga mmene angatsekere kawindoko, a Mkulu n'kutseka. Kafunso kaja kanatuluka, ndi mabatani ake awiri. Mayi Tiyese anakweza maso kuchoka pa pepala. Pa kompyuta iyi mabatani anali atasinthana malo. Sungani linali kumanja. Kumanzere kunali Tayani.

"Bwana, taimani kaye."

"Buku likuti chiyani?"

"Likuti la kumanzere, koma..."

"Koma! Mwamva?" A Mkulu anatembenukira kwa Wamakiyi ndi wojambula, poti ankakonda kuphunzitsa pakakhala anthu. "Matenda a bungwe lino ndi amenewa. Malangizo alembedwa bwinobwino, wina akuti koma. Tikapanda kukhulupirira mabuku athu ife eni, adzawakhulupirira ndani?"

"Bwana, mukanavala magalasi..."

"Kumanzere ndimakudziwa popanda magalasi, mayi."

Anadina.

Kawindo kanazimirira mwaulemu, kopanda phokoso. A Mkulu anauza Wamakiyi kuti akatsegulenso, aone mawu awo. Kanatseguka kali mbee, ngati mbale yotsukidwa.

A Mkulu anatulutsa magalasi, anawavala, anayandikira sikirini.

"Zapita kuti?"

"Sizinapite kwina kulikonse, bwana," anatero Wamakiyi. "Zangopita."

"Mlatho uja?"

"Ndi nyali yomwe, bwana."

Mayi Tiyese anafotokoza kuti pulogalamu sinalakwe. Mtundu uliwonse wa kompyuta uli ndi kasanjidwe kake ka mabatani, ndipo pulogalamu yabwino imatsatira mwambo wa nyumba imene yalowamo. Cholakwa chinali chiganizo cha m'buku, chimene chinkaloza mbali m'malo motchula dzina la batani. Akulankhula choncho ankaona mizere ya pensulo ija pa felemu ya chitseko, ndi munthu wina wachilendo akuipaka penti.

A Mkulu sanawayang'ane. Anafunsa a Sekilitale, amene anali ataima pakhomo, kuti pa mwambo paja ndondomeko ya tsikulo ikuti chiyani pambuyo pa mawu otsegulira.

"Ikuti a Mkulu aonetsa mlendo wolemekezeka mmene pulogalamu imagwirira ntchito, potsatira buku. Munati tidzanyamule kompyuta yomweyi, poti ndi yooneka bwino. Mlendo adzalemba uthenga wake, inu n'kuusunga."

A Mkulu anamasula tayi yofiira ija pang'ono.

"Bukuli anasaina ndani?"

"Silinasainidwe, bwana," anatero Mayi Tiyese.

"Chifukwa?"

"Ndinali ndisanayese."

"Mhm," anatero a Mkulu. Kenako anati onse atuluke, ndipo kansalu kabwezeretsedwe.

Masana amenewo Mayi Tiyese anakonza chiganizocho kuti chiziti, "Dinani batani lolembedwa Sungani." Anayendanso m'buku monse kusaka kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi paliponse pamene wolemba analoza ndi chala, n'kuikapo mayina. Anasaina. Dzanja silinakane. Anapereka bukulo kosindikiza, anapukuta tebulo lawo, n'kuika kapu yawo ya tiyi m'chikwama, kuti tsiku lowachotsa asadzanyamule zambiri anthu akuona.

Kalata inatuluka kumayambiriro kwa sabata yotsatira, ndipo inakhomedwa pa bolodi pafupi ndi tchati chija. Inati poona chiopsezo chimene utsogoleri wa bungwe unatulukira pa nthawi yake, pakhazikitsidwa Komiti Yoona za Kumanzere ndi Kumanja m'Mabuku Onse. Wapampando, a Mkulu. Mlembi, Mayi Tiyese. M'munsi mwake, m'zilembo zing'onozing'ono, munali mawu akuti nkhani yophatikiza maudindo a akonzi yaimitsidwa kaye, popeza malamulo salola kuchotsa mlembi wa komiti imene sinapereke lipoti.

A Pompopompo anawagwira chanza ndi manja awiri. "Mwaona, mayi anga? Tonse tapulumuka. Ine ndinkadziwa kuti kuchedwa kwanuku kudzatithandiza tsiku lina."

Komitiyo ikukumanabe. Imakumana Lachinayi, m'chipinda cha misonkhano, ndipo pamakhala tiyi ndi mabisiketi. Yagwirizana kale kuti kumanzere kwa wowerenga ndi kumanja kwa munthu amene wayang'anizana naye, ndipo nkhaniyi yatumizidwa ku kakomiti kakang'ono. Mayi Tiyese amalemba zonse mosamala. Buku lija lili pa shelefu m'chipinda momwemo, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa a Mkulu, ndipo nthawi iliyonse wina akatambasula dzanja cha kumeneko, mtima wawo umaima. Atangolitsegula pa mutu wachisanu, adzaona kuti vuto limene akhalira pansi linatha masana a tsiku lomwe lija, ndi mawu anayi. Mpaka lero dzanja lililonse limene latambasulidwa limakhala likufuna shuga.

Kunyumba, amuna awo sanabweze makatoni kwa wagolosale. Anawaphwasula bwinobwino, anawamanga ndi chingwe, n'kuwaika pamwamba pa wadiropu, pamene Mayi Tiyese amawaona m'mawa uliwonse akangotsegula maso.

"Bwanji osangowataya, bambo?"

"Lipoti lija mudzapereka liti?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye akhale pomwepo," anatero bamboyo, n'kutenga ndowa kukathirira mitengo.